Chigamba pa Diso la Kabatani

9 Januwale

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga Kabatani wanga akugona bwino? Ine ndinafika bwino, kungoti miyendo inatupa chifukwa chokhalitsa m'basi.

Ntchito ndayamba. Chipinda chochapira chili pansi penipeni pa hotela, ndipo chilibe zenera. Makina amazungulira tsiku lonse, nthunzi ili tolo, ine nditaima pa thebulo lalitali kusita nsalu za pabedi za anthu amene sindidzawaona nkhope. Fungo la nsalu yotentha limandibwezera m'shopu mwanu, masiku aja ndinkakhala pansi pa makina n'kumatola tizidutswa, inu mukundikalipira kuti ndichotse zala pa lamba. Munandilera ine amayi atatisiya, lero mukulera mwana wanga. Chondisangalatsa n'chakuti nyumba yanu, imene yakhala chete zaka zonsezi, tsopano ili ndi woisokosa.

Tsopano za diso. Tsiku lonyamuka ndinalankhula mothamanga, ndiye ndibwereze. Adokotala a maso akuti diso lake lamanzere, lotembenukira ku mphuno lija, silodwala ayi, ndi laulesi chabe. Akuti poti mwana akadali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, disolo likhoza kuphunzira kuona, koma tikachedwa lidzakhala choncho moyo wake wonse. Azivala chigamba kuyambira m'mawa mpaka akaweruka kusukulu. Chigambacho chizikhala pa diso lamanja. Zomata zimene anatipatsa zikatha mumusokere zansalu, singano ndi yanu. Pakapita miyezi itatu mupite naye akamuonenso.

Adzalira, koma musamumvere chisoni. Mundilembere zonse, ngakhale zazing'ono.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kabatani


2 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Ife kuno tili bwino, kaya iwe ndi nsalu zako za anthu olemerazo. Alamu ako akuti ukamabwera udzawatengere pilo mmodzi wa m'hotela, alaweko tulo ta mabwana. Kabatani wachoka dzino lakutsogolo, akamalankhula akuchita kuliza mluzu ngati ketulo.

Sabata yoyamba ya chigamba inali ya misozi yokhayokha. Mwana ankagunda zitseko, kutaya tiyi, kuphonya sitepe ya pakhonde. Aphunzitsi ake anandiuza kuti m'kalasi ankangokhala duu, pa bolodi osaonapo kanthu. Loweruka ndinamukhazika pa benchi m'shopu, n'kulowa mayi uja wogulitsa nsapato, wapakamwa ngati wailesi. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine.

"Atelala, kamwana aka kakuyang'ana ine kapena khoma?"

Anthu odikira zovala zawo anaseka. Bambo wina wobweretsa thalauza anawonjezera kuti, "Koma telala wake ndi uti woika chigamba pabwino, pong'ambika n'kusiya pamtunda?"

Ndinangowerama pa makina. Kabatani anakabisala kuseri kwa mpukutu wa nsalu ya makatani, ndipo sanatulukeko mpaka titatseka.

Koma usade nkhawa. Ndinakhala pansi n'kuganiza bwino, ndipo za chigamba ndazikonza. Zomata zija ndazisiya, zinkamuzula nsidze. Ndasoka zansalu yofewa, za lamba wa lasitiki. Tsopano salira, sagwa, ndipo m'mawa amavala yekha ndisanamuuze.

Ukukumbuka kaulusi kofiira kamene ndinkakumanga pa mkono uli mwana, kuti uzidziwa dzanja lolembera? Mpaka lero ukamalozera munthu njira umati "mukhotere kumanja", mkono ukuloza kumanzere. Ndinakukumbuka ndikusoka zigambazo, ndinaseka ndekha. Mwana wa amayi anga iwe, sudzasintha.

Uzidya mokwanira. Utiuze ngati anzako ogona nawo ali anthu abwino.

Mkulu wako


20 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Pepani ndachedwa kuyankha. Hotela inadzaza ndi anthu amsonkhano, ndipo tikaweruka manja amakhala atatopa moti cholembera sichigwirika.

Nkhani ya mayi wa nsapato inandipweteka. Ndinaiwerenga pa nthawi yopuma, nditakhala pa mulu wa matawulo, ndipo ndinachita manyazi ngati kuti ndinali pomwepo. Kapena manyazi ake anali akuti sindinali pomwepo. Mwana akusekedwa, mayi ake ali kutali akusita mapilo a alendo. Koma nditafika pamene mwati salira ndipo akuvala yekha, mtima unakhala pansi. Adokotala anandichenjeza kuti ana ambiri amalimbana nacho chigamba miyezi ndi miyezi. Inu mwatha bwanji sabata imodzi yokha? Muli ndi manja a ana, Achemwali, ndakhala ndikunena.

Za kaulusi kofiira ndaseka. Kuno nakonso amandiseka, ngolo ya zovala ndimapita nayo kukhonde lolakwika.

Mwezi wamawa ndi uja wopita kuchipatala. Ndaikamo kangachepe ka basi. Mundiuze zimene akanene. Ndipo wojambula akabwera kusukulu, chonde mumujambulitse. Ndayamba kuiwala kuti amafika pati akaima pafupi nane.

Mng'ono wanu,
Make Kabatani


28 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni wochokera kwa tonse. Usandidandaule chifukwa cha kuchedwa, sukulu ziwiri zinandipatsa mayunifolomu nthawi imodzi, ndipo ndakhala ndikupalasa makina mpaka mawondo kulira.

Kuchipatala sitinapite. Mzere wake uja munthu umataya tsiku lathunthu, ndiye ndinati tikatayirenji tsiku mwana ali bwinobwino? Tipita ntchito ikachepa. Ya basi ija ndasunga.

Chithunzi ndi chimenecho. Taona mwana wako! Diresi ndinasoka ine, ndipo chigamba ndinadula pa nsalu yomweyo. Ali nazo zambiri tsopano, chamaluwa, chamadontho, china cha yunifolomu. Anzake m'kalasi ayamba kuvutitsa amayi awo kuti nawonso akufuna. Kuwerenga ndiye usanene, aphunzitsi akuti akuposa ana okulirapo. Akavala chigamba palibe amene angadziwe kuti mwanayu ali ndi vuto. Ngakhale mayi wa nsapato uja anaima pakhomo tsiku lina n'kunena kuti, "Atelala, koma kamwana aka n'kokongola, eti?" Ndinamuyankha kuti kanali kokongola kale, maso ake ndi amene anachedwa.

Ndikamapita naye kumsika masiku ano ndimayenda khosi lili mmwamba.

Utilembere msanga, utiuze ngati wachikonda chithunzi.

Mkulu wako


6 Juni

Achemwali,

Moni. Kalatayi ndapatsira woyendetsa basi kuti ifike mawa lomwe.

Chithunzi ndachilandira. Ndinachionetsa mnzanga wa pa makina owumitsira, ndikunyadira. Iye anachiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga diso lokhota unkanena lija lili kuti? Ili likuonekali ndi lowongoka bwinobwino." Ndinamulanda chithunzicho. Ndinapita nacho pa galasi la m'chipinda chosinthira zovala, n'kuchiika pambali pa nkhope yanga, n'kuchitembenuza uku ndi uku, poti ine ndine uja wosadziwa manja ndi manzere. Koma apa sipafunika kudziwa manja ndi manzere. Diso limene lili poyera ndi labwino. Mwatseka laulesi.

Achemwali, chigamba chija si chobisira diso. Timatseka labwino dala. Adokotala anati zili ngati ana awiri otumidwa kukatunga madzi, wamphamvu n'kumasenza zidebe zonse, wofooka akungotsatira m'mbuyo manja ali lende. Wofookayo sadzaphunzira kusenza pokhapokha wamphamvu atakhazikidwa pansi. Kugunda zitseko kuja, kutaya tiyi kuja, ndiye kunali kuchira kwake. Diso linali litayamba kugwira ntchito. Inu mwaligoneka mumdima kuyambira Januwale mpaka lero, miyezi imene anatiuza kuti tisataye.

Ndinalemba kuti lamanja. Ngati munakayika, bwanji osandifunsa? Bwanji osapita kuchipatala monga ndinakupemphani? Akanakuuzani tsiku lomwelo. Munamvera bambo wa thalauza ndi mayi wa nsapato. Chimene munaphimba ndi manyazi anu, kuti muziyenda kumsika khosi lili mmwamba.

Akanakhala mwana wobereka nokha mukanafunsa.

Mawa lomwe mupite naye. Mayunifolomu adikire.

Make Kabatani


1 Julayi

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji? Alamu ali bwanji? Tsiku lililonse ndimafunsa kwa mlonda wa pageti ngati kwabwera kalata, mpaka wayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa.

Ndawerenganso makalata anu. Munandiuza zonse poyera, za bambo wa thalauza, za kaulusi kofiira, zoti mwana wasiya kulira mwadzidzidzi. Mayi wamaso akanadabwa. Ine ndinkafuna nkhani yabwino, ndiye ndinatola yabwino yokhayo n'kupinda kalata. Ndiponso mu kalata yanga yoyamba ndinakuuzani diso loti mutseke, koma sindinakuuzeni chifukwa chake. Ndinakulamulani ngati wantchito, inu amene munandiphunzitsa kuti munthu usamupatse nsalu osamuuza chimene ukusoka.

Mawu aja a kubereka sindikudziwa kuti ndiwabweze bwanji. Ndikawakumbukira ndili pa thebulo lositira, nkhope imatentha kuposa simbi. Ine simunandibereke, koma ndani anagona pansi m'chipatala pamene ndinadwala chikuku?

Ngati simufuna kundilembera, ndamva. Koma wina andiuze ngati mwana anapita kwa adokotala, ndi zimene ananena.

Mng'ono wanu


15 Julayi

Alamu,

Moni. Ndine mwamuna wa akulu anu. Mukhululuke zilembo, dzanja langa linazolowera pensulo ya pa thabwa.

Akulu anu ali moyo. Kulemba amayamba, koma mapepala ake amathera m'dengu la zidutswa. Ndiye ndati ndilembe ine.

Kalata yanu ya mu Juni ija ataiwerenga anavundikira makina ndi nsalu, dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sindinachionepo chikwatirane. M'mawa mwake tinapita tonse atatu kuchipatala. Adokotala ake ndi mayi wachitsikana. Anamukhazika Kabatani pa mpando, n'kumutseka diso labwino, n'kumulozera chipepala cha zilembo chili pakhoma, zazikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Mwana anatchula chachikulu cha pamwamba chokha. Zinazo anati ndi nyerere.

Adokotala anafunsa kuti chigamba chimavalidwa bwanji. Akulu anu anaimirira ngati mwana wasukulu n'kunena kuti, "Ndinasintha ndine. Amake anandiuza zoona." Adokotala sanakalipe. Anati si oyamba, makolo ambiri amachita zomwezo chifukwa cha chisoni. Tili m'basi akulu anu anati, "Bola akanandikalipira."

Akuti nthawi yatayika koma sinathe. Chigamba chibwerere pa diso labwino, ndipo mwana azichita ntchito zoyang'anitsitsa pafupi. Amupatsanso magalasi.

Kunyumba tsopano ndi nkhondo. Mwanayu analawa mtendere, ndiye akudziwa chimene tamulanda. Amasuzumira pansi pa chigamba, amachisuntha tikatembenuka, china anachiponya padenga. Dzana anafunsa kuti, "Amayi aakulu, ndakulakwirani chiyani?" Akulu anu anamumanga chigamba, kenako anakalowa kubafa n'kutsegula mpope kuti tisamve.

China choseketsa. Adokotala anaona akulu anu akuwerenga khadi atalitalikitsa mkono wonse, n'kuwayeza nawonso. Akuti ndi ukulu chabe, aliyense zimamupeza. Kani chaka chonsechi ulusi pa singano amalowetsa mongopapasa, osauza munthu. Tsopano ali ndi magalasi owerengera. Kabatani akuti, "Inu maso anayi, ine limodzi. Mundibwereke limodzi."

Mlandu musawasenzetse okha. Ine ndinaona tsiku limene chigamba chinasamuka, ndinati za nsalu zili ndi eni ake. Zoona zake n'zakuti kulira kunali kutanditopetsa, ndipo ndinakondwa kudya mwamtendere.

Za mawu ena aja a m'kalata yanu sananenepo kanthu, inenso sindinenapo. Kalata yanu ya mu Julayi anailandira.

Ndine mlamu wanu


24 Novembala

Mng'ono wanga,

Moni. Uli bwanji? Miyendo ikutupabe? Makalata ako onse ndinalandira, ndi masokosi a mwana omwe. Ndinalumbira kuti sindikulembera mpaka nditakhala ndi chokuuza choposa pepani.

Unafunsa chifukwa chimene sindinakufunse. Ndinkaganiza kuti wasokoneza manja ndi manzere monga mwa masiku onse, ndipo ndinati ndikonze mwakachetechete, mng'ono wanga asachite manyazi kuti walakwitsa za mwana wake yemwe. Ndakhala ndikukonza za iwe kuyambira uli wamng'ono, mabatani olakwika, nsapato zosinthanitsa, moti sindinaganizeko kuti tsiku lina wolondola angakhale iwe. Icho ndi chifukwa chimene ndinkadziuza. Chinacho unachitchula wekha, ndipo sunaname. Diso lija likabisika ndinkapuma bwino.

Za kubereka tisazikambenso. Zinandipweteka, ndipo zapola monga mmene chimapolera chala chobayidwa ndi singano, umagwirabe ntchito.

Kusukulu ndimamuperekeza ndekha, kudutsa pakati pa msika, diso lokhota lili poyera kuseri kwa galasi. Sabata yoyamba mayi wa nsapato anatiimitsa.

"Atelala, mwabwereranso ku zakale? Mwana anali atakongola uyu."

Ndinafuna kumuyankha zoti asadzaiwale. Anayankha ndi Kabatani. "Ili likuphunzira, linalo lili pa holide." Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kumupatsa zingwe za nsapato zofiira. Ine ndinangoyang'ana pansi. Mwana anatha kunena chimene chinandikanika ine mu Januwale.

Akaweruka amakhala nane m'shopu. Ndimamukhuthulira chitini cha mabatani pa thebulo lodulira kuti asankhe a mabowo awiri ndi a mabowo anayi. Poyamba ankachita kugunditsa mphuno pa thebulo, n'kumalira, ine n'kumapalasa makina mwamphamvu kuti ndisamve. Makasitomala ena ankati ndine wankhanza. Ndinkavomera.

Lachiwiri tinapitanso kuchipatala. Pa chipepala chija wafika pakati. Adokotala anakondwa, akuti tipitirize, koma anandiuza mosabisa kuti mizere ya pansi penipeni mwina sadzaifika. Kukhotako akuti ndi nkhani ina, adzakuwongola ndi opaleshoni yaing'ono akakulako. Ndinafuna kufunsa kuti tikanayamba bwino mu Januwale akanafika pati. Funso linafika pamilomo, ndinalimeza. Ndikamuyang'ana mwanayu ndimadziwa kuti pali mizere ina imene ndinamudyera ine, ndipo palibe singano imene ingaibwezeretse.

Koma tamvera za dzulo. Ndinamuimika pa thebulo kuti ndipinde diresi lake la tchuthi, chigamba chili pa diso labwino. Ndinawerama, mapini ali pakamwa, ndipo duku langa linatsetsereka n'kugwa.

"Amayi aakulu, musagwedezeke."

Ndinaima chowerama, ndikuganiza kuti pali kachilombo. Ndinamva tizala tikufufuza m'mutu mwanga.

"Muli ndi imvi! Iyi. Ina iyi. Iii, kunoko ndiye zadzaza!"

Ndinalavula mapini. Ndinakweza dzanja n'kupapasa chigamba, kuona ngati akusuzumira pansi. Chinali chogwira bwinobwino, mbali zonse. Tsitsi limodzilimodzi, mng'ono wanga, loonda kuposa ulusi, akuliona ndi diso lija linkati zilembo ndi nyerere.

"Ndizule?"

Ndinati, "Usazule. Funafuna zina."

Pakhomo panali bambo wodikira jekete lake, anatsokomola kawiri konse. Ndinamusiya atsokomole. Ndinakhala chowerama choncho mpaka khosi linauma, mwana akundinyoza kuti ndakalamba, misozi ikugwera pa magalasi anga atsopano.

Pempha tchuthi ubwere. Ubwere ndi duku lolimba, chifukwa akuti akatha zanga ayamba zako.

Mkulu wako